Magalasi Amaona Nyumba, Koma Sagonamo

Chiyambire pamene munthu analeka kumanga nyumba yake ndi manja ake, nayamba kugona m'nyumba zolingaliridwa ndi ena, kuchizidwa m'zipatala zojambulidwa ndi ena, ndi kugulitsa malonda ake m'misika imene ena anaiyeza ndi chingwe iye kulibe, pakhala vuto limodzi limene lasautsa amisiri a mibadwo yonse, ndilo lakuti nyumba silawidwa isanamangidwe. Telala amaitana mwini malaya kuti adzawayese asanathe kusokedwa, ndipo akathina m'khwapa amamasula ulusi nawakonza. Koma womanga chipatala alibe mwayi wotere, pakuti tsiku limene namwino adzazindikire kuti khomo lachepa ndipo bedi la wodwala silingadutsepo, simenti idzakhala itauma kale, ndalama zitatha, ndipo amene analemba pulani atapita kukalemba ina kutali. Pulaniyo imakhalapo ndithu ntchito isanayambe, ndipo nthawi zina imapachikidwa pakhoma kuti anthu aione. Koma mizere, mivi ndi manambala ake ndi malembo owerengedwa ndi ophunzira ntchitoyo okha, kotero kuti mayi amene adzagone m'chipindamo akaonetsedwa pepalalo amangogwedeza mutu mwaulemu, osadziwa chimene wavomereza.

M'zaka zino kwafala chipangizo chimene ochitamanda akuti chathetsa vuto limeneli. Ndi magalasi aakulu ovala kumaso, oyendetsedwa ndi kompyuta, a luso lotchedwa virtual reality, kapena VR mwachidule. Munthu akawavala saonanso chipinda chimene waimamo. Amaona nyumba imene sinamangidwe, pa msinkhu wake weniweni, ndipo akayang'ana kumwamba aona denga, akacheuka aona zenera, akasendera aona khomo likuyandikira. Ofufuza a m'mayunivesite a ku Ulaya, ku America ndi ku Asia amamuveka munthu magalasiwa, namumanga padzanja tizipangizo toyeza kugunda kwa mtima ndi thukuta, nalondola kumene maso ake akuloza, ndipo pamapeto pake amalemba malipoti onena mmene kutalika kwa denga, kukula kwa mazenera, mtundu wa utoto kapena malo a chikwangwani zimakhudzira mtima ndi mayendedwe a munthu. Ine ndatenga cholembera kuti ndinene zinthu ziwiri pamodzi: chipangizochi n'chabwino, koma ulemu umene chikupatsidwa wapitirira muyeso wake, ndipo kupitirirako kudzapweteka anthu omwewo amene chinayenera kuwathandiza.

Magalasi oyamba a mtundu umenewu anapangidwa mu 1968 ndi Ivan Sutherland ku Harvard, ndipo anali omangiriridwa ku mkono wachitsulo wolendewera kudenga, oonetsa mizere yokha yopanda thupi. Koma nkhani imene ndifuna tiisunge bwino ndi ya Frederick Brooks wa pa University of North Carolina ku Chapel Hill, amene cha mu 1986, pamene yunivesiteyo inali kumanga nyumba yatsopano ya maphunziro a kompyuta yotchedwa Sitterson Hall, anatenga mapulani a nyumbayo pamodzi ndi ophunzira ake nawasandutsa chithunzi choti munthu ayendemo. Amene anayendamo, amene analinso omwewo odzagwira ntchito m'nyumbayo ikadzatha, anaona kuti kakhoma kena ka pamalo ofikira alendo kadzapanikiza anthu pa mpita wodutsa ambiri. Anauza olemba mapulani. Iwo sanavomere msanga, pakuti papepala zonse zinaoneka zokwanira. Koma atayendamo okha anaona chimene anzawo anaona, ndipo khomalo linasunthidwa. Nkhaniyi ndi yaifupi, koma muli zonse zimene chipangizochi chinabadwira: eni ake odzakhalamo analowa m'nyumba isanathe, anadandaula, dandaulo lawo linamveka, ndipo khoma linasuntha pa nthawi imene kulisuntha kunali kotheka. Umenewu ndiwo muyeso umene ndiyesa nawo kafukufuku aliyense wa magalasi: kodi anavala ndani, ndipo atavula, n'chiyani chinasinthidwa?

Kwa zaka zambiri pambuyo pake zipangizozi zinali zodula kwambiri, zopezeka makamaka kwa asilikali ndi m'mayunivesite olemera. Zinthu zinatembenuka mu 2012, pamene mnyamata wina wa ku California, Palmer Luckey, anasonkhetsa ndalama pa intaneti zopangira magalasi otchedwa Oculus Rift. Mu 2014 Facebook inagula kampani yake ndi madola pafupifupi 2 biliyoni, ndipo lero magalasi otere amagulidwa pa mtengo wa foni yabwino.

Pali ntchito zimene magalasi amagwira zimene palibe njira ina yozigwirira, ndipo wokana zimenezi angokana mwaliuma. Wofufuza sangamange zipatala ziwiri zofanana m'zonse kupatula kukula kwa zenera. Koma m'kompyuta angathe kusintha zenera lokha nasiya zina zonse monga zinalili, ndipo potero adziwa kuti chasintha mtima wa munthu ndi zeneralo, si china ayi. Sangayatsenso moto m'holo yodzaza ndi anthu kuti aone kumene adzathawire. Mu Febuluwale 2003, pamene moto unabuka m'nyumba ya zisangalalo yotchedwa The Station ku Rhode Island, anthu 100 anafa, ndipo ambiri anaunjikana pa khomo lalikulu limene analowera, ngakhale kuti makomo ena analipo. Pakuti munthu wogwidwa ndi mantha amathamangira njira imene aidziwa. M'magalasi wofufuza angathe kudzaza mpita ndi utsi, kusuntha chikwangwani, kuikamo anthu ongopeka othamangira kolakwika, naona ngati wovalayo adzawatsata, popanda wina kupsa ngakhale chala. Ndipo thupi limakhulupirira ndithu mbali ya zimene maso aona: ku Chapel Hill komweko, m'kafukufuku wofalitsidwa mu 2002, anthu oimikidwa m'mphepete mwa dzenje lakuya la m'magalasi mitima yawo inagunda mofulumira, ngakhale kuti ankadziwa bwino lomwe kuti dzenjelo kulibe. Zonsezi ndizivomereza ndi mtima wonse.

Koma taonani chimene chikuchitika tsopano. Popeza magalasi atsika mtengo, popeza manambala amatuluka msanga, ndiponso popeza n'kwapafupi kuitanira anthu ochepa m'chipinda cha yunivesite kusiyana ndi kukhala chaka chathunthu m'chipatala kupenyerera odwala ndi owasamalira, ambiri ayamba kulankhula ngati kuti chimene munthu wamva m'magalasi ndicho chimene adzamve m'nyumba. Apa ndi pamene ndikanira. Ngakhale diso lenilenilo, chiwalo chimene magalasi amachitumikira koposa zonse, limanyengedwa. Mu 2013 Rebekka Renner ndi anzake a ku Dresden, m'dziko la Germany, anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wa zaka zambiri, napeza kuti anthu a m'dziko la zithunzili amaona mtunda kufupika, kotero kuti amauyesa pafupifupi magawo 74 pa 100 a utali wake weniweni. Magalasi atsopano achepetsako cholakwachi, koma sanachithetse. Tsono funso loyamba la womanga aliyense ndi lakuti, kodi chipinda chakula kapena chachepa, kodi khomo lili pafupi kapena patali. Ndipo pa funso lomweli ndi pamene chipangizochi chimaphonya.

Nanga ziwalo zina? M'ubongo muli maselo amene ntchito yawo ndi kudziwitsa cholengedwa pamene chaima. Anawatulukira John O'Keefe ku London mu 1971, ndipo chifukwa cha ntchitoyo analandira mphoto ya Nobel mu 2014 pamodzi ndi May-Britt Moser ndi Edvard Moser a ku Norway. Mu 2013 gulu la Mayank Mehta la pa yunivesite ya UCLA linayendetsa makoswe m'kanjira keniweni ndi m'kanjira kofanana nako ka zithunzi, ndipo linapeza kuti m'kanjira ka zithunzi maselo amene anadzuka anali pafupifupi theka chabe la amene anadzuka m'kanjira keniweni. Khoswe si munthu, ndipo zopezeka pa iye siziyenera kusenzetsedwa katundu wopitirira mphamvu yake. Komabe zikutikumbutsa chinthu chimene thupi lathu limachidziwa kale, chakuti ubongo suzindikira malo ndi maso okha, koma ndi fungo, ndi chimene mapazi aponda, ndi kugwedezeka kwa thupi lonse poyenda. Aliyense amene anaphunzirapo m'kalasi ya malata yopanda siling'i adziwa kuti mu Okutobala mutu umalemera ndi kutentha dzuwa lisanafike paliwombo, ndi kuti mu Januwale mvula ikagunda padenga mawu a mphunzitsi amamira, ana nangoyang'ana milomo yake. Aliyense amene anadikirirapo wodwala adziwa chimene chimachitika chimbudzi chikamangidwa kumene mphepo imachokera, pafupi ndi pophikira. Agogo okwera masitepe adziwa kutalika kwa sitepe iliyonse ndi maondo awo. Kutentha, phokoso la padenga, fungo ndi kupweteka kwa bondo ndizo zimene zimachititsa nyumba kukondedwa kapena kudedwa, ndipo magalasi sadziwa zambiri mwa zimenezi.

Koma chachikulu koposa si ziwalo, ndi nthawi. Wovala magalasi ndi mlendo, ndipo akale anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Amalowa m'chipatala cha zithunzi kwa mphindi zowerengeka, ali wathanzi, wokhuta, wosaopa kanthu, akudziwa kuti akatopa avula nabwerera kwawo. Pamene wodwala weniweni amalowa ndi ululu, amagona chagada masiku ambiri kuyang'ana denga limodzimodzilo, amamva kubuula kwa mnzake wa pa bedi loyandikana usiku wonse, ndipo alibe choti avule. Chimene chimakondweretsa maso pa tsiku loyamba chingathe kukhala chosautsa pa tsiku la makumi atatu, ndipo chimene mlendo sachiona nkomwe, monga poika kathumba kake kuti kasabedwe, kapena pokhala mbale wake wobwera ndi phala m'mawa, chingathe kukhala ndicho chosiyanitsa mtendere ndi nkhawa. Komanso tifunse kuti mlendoyo ndani. Mu 2010 Joseph Henrich ndi anzake a ku Canada anasonyeza kuti anthu 96 pa 100 alionse oyesedwa m'kafukufuku wa maganizo a munthu, wofalitsidwa m'magazini otchuka a maphunzirowo, anali ochokera m'maiko okhala ndi anthu 12 okha pa 100 alionse a pa dziko lapansi, ndipo ochuluka mwa iwo anali ophunzira a pa yunivesite. Kafukufuku wa magalasi wabadwira m'nyumba yomweyo. Onjezani apo kuti magalasi amachititsa ena chizungulire ndi mseru, kotero kuti amaleka panjira ndipo mawu awo salowa m'lipoti. Onjezaninso kuti munthu wosaona, amene nyumba yomangidwa mosasamala imamuzunza koposa onse, sangapindule nawo m'pang'ono pomwe. Ndipo mudzaona kuti amene amafunsidwa ndi amphamvu, pamene amene nyumba idzawavute ndi ofooka.

Ndikufuna tikhale pang'ono pa nkhani ya Pruitt-Igoe, pakuti imayankha funso lonse. Mumzinda wa St. Louis ku America munamangidwa nyumba zosanja 33, iliyonse ya nsanjika 11, zokhalamo mabanja osauka, ndipo zinayamba kulandira anthu mu 1954. Wolemba mapulani ake anali Minoru Yamasaki, yemwe pambuyo pake analembanso mapulani a World Trade Center ku New York. Ndipo mu 1951, nyumbazo zisanamangidwe, magazini ya amisiri yotchedwa Architectural Forum inatamanda pulani yake. Zikepe zokweza anthu zinakonzedwa kuti ziziima pa nsanjika zina zokha, ndi cholinga chakuti anthu azitsikira m'makonde aakulu oloweka dzuwa, azikumanamo ndi kucheza monga anansi, ndipo zojambula za pulaniyo zinaonetsa amayi ndi ana awo akusangalala m'makondemo. Koma ndalama zokonzera zoonongeka zinayenera kuchokera ku lendi ya anthu osauka omwewo. Mzindawo unali kutaya anthu ndi ntchito. Tsankho la mtundu linaunjika anthu akuda osowa pogwira pamalo amodzi. Zikepe zinafa, mazenera anasweka, mapaipi anaphulika m'nyengo yozizira, ndipo makonde aja ocheza anasanduka mobisalira achifwamba, amayi nawadutsa ndi mantha ponyamula ana ndi katundu pa masitepe. Mu 1969 okhalamo ananyanyala kulipira lendi. Mu 1972 boma linayamba kuzigwetsa ndi mabomba, ndipo pofika mu 1976 zonse zinali zitapita. Tsono ndifunse: magalasi akanakhalapo mu 1951, ndipo mayi wa ku St. Louis akanavekedwa, kodi akanaona chiyani? Akanaona khonde loyera, dzuwa likulowa, chikepe chikutseguka pa nthawi yake. Mtima wake ukanagunda modekha, ndipo makina akanalemba kuti wakondwa. Chimene chinapha nyumbazo sichinali m'maonekedwe ake, chinali m'zaka zake ndi m'thumba la ozisamalira.

M'magalasi chikepe sichifa, mpopi suuma, magetsi sazima, ndipo chipata sichichedwa kutsegulidwa. Ife sitifunika kupita ku America kuti timve kulemera kwa mawu amenewa. Pa 6 Julayi 2017, pa Bingu National Stadium ku Lilongwe, bwalo latsopano limene linali lisanathe chaka chitsegulireni, anthu 8 anafa poponderezana pa zipata zimene zinachedwa kutsegulidwa, ndipo 7 mwa iwo anali ana. Chipata chojambulidwa bwino ndi chipata chotsekedwa pamaso pa khamu ndi chitsulo chimodzimodzi. Chosiyanitsa ndi munthu wosunga kiyi, ndipo munthu ameneyo salowa m'chithunzi.

Otamanda magalasi adzandiyankha kuti luso likukula, kuti kukubwera zovala zoti khungu limve kutentha, timakina totulutsa fungo, ndi malamba oyenda pansi pa mapazi kuti miyendo itope. Zibwere ndithu, ndipo ndidzazilandira. Koma ngakhale atakwaniritsa ziwalo zonse zisanu, sangaike m'magalasi zaka khumi, sangaikemo umphawi wa khonsolo yosowa ndalama zokonzera mpopi, ndipo sangasandutse mlendo kukhala mwini. Adzanenanso kuti kufufuza nyumba yomangidwa kale n'kuchedwa, popeza cholakwa chachitika. Ichi n'choona pa nyumba imodziyo, koma n'chonama pa nyumba zana zimene zidzamangidwe motsanzira iyo. Ndipo m'maiko osauka, kumene pulani imodzi ya kalasi kapena ya chipatala chaching'ono imamangidwa m'maboma onse, cholakwa chosafufuzidwa chimabala ana ndi zidzukulu.

Nzeru zolimba zimene amisiri ali nazo lero za mmene malo amakhudzira munthu zinapezedwa ndi anthu odekha amene anapita kukaona eni ake, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Roger Ulrich anafufuza mabuku a chipatala china cha ku Pennsylvania a zaka za 1972 mpaka 1981, nasankha odwala 46 ochitidwa opaleshoni ya ndulu, theka ogona m'zipinda zoyang'ana mitengo, theka m'zipinda zoyang'ana khoma la njerwa. Ndipo mu 1984 anafalitsa zopeza zake, zakuti oyang'ana mitengo anatuluka msanga ndipo anafuna mankhwala amphamvu opha ululu ochepa. Ameneyu sanayeze kugunda kwa mtima wa mlendo. Anawerenga masiku amene odwala enieni anagona ndi mankhwala amene anamwa. William H. Whyte anaika makamera pamwamba pa mabwalo a mumzinda wa New York m'zaka za m'ma 1970, napenyerera tsiku ndi tsiku pamene anthu amakhala, pamene amaima, ndi pamene amapewa, ndipo zopeza zake zinalowa m'malamulo a zomangamanga a mzindawo mu 1975. Ntchito yotere ndi yochedwa, ndi yotopetsa, ndipo imachititsa manyazi wolemba mapulani, chifukwa imaulula zolakwa zake nyumba itaima kale. N'chifukwa chake yakhala ikuthawidwa. Bungwe la amisiri a mapulani la ku Britain, RIBA, linaika m'ndondomeko yake ya ntchito ya m'ma 1960 gawo lotsiriza lakuti mmisiri abwerere kukaona mmene nyumba yake ikukhalira ndi anthu. M'ma 1970 gawolo linachotsedwa, popeza eni nyumba sankafuna kulilipira, ndipo linabwerera mu 2013. Mantha anga ndi akuti magalasi apatsa amisiri chifukwa chatsopano chothawira ulendo umenewu, pakuti adzati anthu tinawafunsa kale, ndipo manambala ndi awa.

Palinso ntchito ina imene magalasi alowetsedwamo, imene ndiyo yondikwiyitsa kwenikweni, chifukwa imavala chovala cha kafukufuku pamene mtima wake ndi malonda. Pulani ikatha, ndalama zitagawidwa, kontrakitala atasankhidwa, ndi pamene anthu amaitanidwa kudzavala magalasi. Ndipo chimene amaonetsedwa ndi nyumba ya tsiku la chikondwerero, thambo lopanda mtambo, mitengo yokula kale, anthu ochepa ovala bwino akuyenda mosapanikizana, popanda mzere wa odikira, popanda matope, popanda wogulitsa nthochi pakhomo. Munthu amene sanavalepo magalasi amazizwa, ndipo kuzizwa kwake ndi chipangizo kumalembedwa ngati kukhutira kwake ndi nyumba. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Pepala la pulani, ngakhale linali lovuta kuwerenga, silinkanamizira kuti lamufunsa munthu. Magalasi ogwiritsidwa ntchito motere amamulanda ngakhale ufulu wodzadandaula pambuyo pake, pakuti adzauzidwa kuti munaona nokha ndipo munavomera. Kufunsa munthu pa nthawi imene yankho lake silingasunthe njerwa ngakhale imodzi ndiko kumunyoza.

Nkhaniyi itikhudza ife chifukwa zambiri mwa nyumba zathu zazikulu zimalingaliridwa kutali, ndi anthu amene sadzagonamo, ndipo magalasi amenewa adzafika pamodzi ndi mapulani awo. Likulu lathu lenilenilo ndi mboni. Pulani ya Lilongwe watsopano inalembedwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi akatswiri a ku South Africa, ndipo likulu linasamukirako kuchoka ku Zomba mu 1975. Unalingaliridwa mzinda wa mitengo ndi misewu yotakata, Capital Hill uko, tauni yakale uko, malo ogona anthu wamba kutali ndi zonse ziwiri, mzinda wokoma kwa woyenda pa galimoto m'dziko limene ochuluka amayenda pansi. Kodi magalasi akanaulula zimenezi? M'magalasi ambiri munthu amasamuka pa malo ena kufika pa ena mwa kungodina batani, ndipo mtunda sumudyera thukuta kapena ndalama. Koma wantchito wochokera ku Area 25 kapena ku Kawale amaulipira mtundawo m'mawa ndi madzulo, ndi miyendo yake kapena ndi ndalama ya minibasi ndi kabaza, chaka ndi chaka.

Tili nachonso chitsanzo cha njira yabwino, ndipo sichinafune magalasi. Pa chipatala cha boma cha Kasungu panamangidwa mu 2015 chidikiro cha amayi oyembekezera, cholembedwa ndi bungwe la amisiri lotchedwa MASS Design Group mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo ndi University of North Carolina, yunivesite yomwe ija ya Sitterson Hall. M'malo mwa holo imodzi yaitali yodzaza ndi mabedi, monga inalili pulani ya nthawi zonse, anamanga tinyumba ting'onoting'ono tozungulira mabwalo, ta madenga otambalala opereka mthunzi ndi pobisalira mvula, ndi mipando yokhalira panja. Pakuti anaona kuti mayi wodikira tsiku lake sakhala pabedi usana wonse, ndi kuti sabwera yekha, amabwera ndi womudikirira amene ayenera kuphika, kuchapa ndi kugona penapake. Ndipo chimene ndichilemekeza koposa n'chakuti ofufuza anabwerera nyumbazo zitayamba kugwira ntchito, nafunsa amayi ogona m'chidikiro chimenechi ndi ogona m'cha pulani yakale, kuti adziwe kuchokera pakamwa pa eni ake chimene chinathandiza, kuyambira pa zimbudzi ndi mabafa kufikira pa malo a owadikirira ndi posungira katundu. Magalasi akanaonjezedwa pa ntchito yotere, kuti azamba ndi amayi ayendemo pulani isanasainidwe, akanakhala mdalitso. Akanalowa m'malo mwa ntchitoyo, akanakhala chinyengo.

Chotero ndipempha a unduna woona za zomangamanga, a makhonsolo a mizinda ndi maboma, mabungwe othandiza amene amatimangira zipatala, sukulu ndi misika, ndiponso aphunzitsi a ophunzira za mapulani ku MUBAS, kuti magalasi amenewa akafika asawakane, koma awaikire malamulo. Avekedwe namwino wa usiku, wodikirira wodwala, venda, mphunzitsi wa sitandade 1 ndi munthu woyenda pa njinga ya olumala, osati nduna ndi alendo olemekezeka okha pa tsiku loika mwala wa maziko. Avekedwe pulani ikadali yotheka kusintha, ndipo lipoti lililonse lilembe poyera zimene anthuwo anadandaula ndi zimene zinasinthidwa chifukwa cha dandaulolo. Chithunzicho chionetse nyumba pa tsiku loipa, odwala atadzaza mpaka pansi, magetsi atazima, mvula ikugwa. Amene magalasi sangawathandize, monga osaona ndi okalamba, afunsidwe m'njira zina, ndipo mawu awo alemere mofanana ndi a ena. Koposa zonse, boma lisasaine mgwirizano uliwonse womanga chipatala, sukulu kapena msika umene mulibe ndalama zoikidwa padera zoti wolemba pulani abwerere patatha chaka chimodzi, akhale m'nyumbamo m'nyengo yotentha ndi ya mvula, afunse okhalamo, ndipo zopeza zake zisindikizidwe pulaniyo isanamangidwenso kwina.